Mafumu Achitsulo pa Limbuli

Tinalipira pakhomo ndi manja onunkha tiyi,
n'kukhala pa mabenchi a bulugamu osapala
m'kanyumba ka Nampeya kuseri kwa msika.
Panja jenereta inkatsokomola.
Pa zenera, bulangete lakale lokhomedwa ndi misomali.

Anatulukira amuna ovala zitsulo,
mutu m'chidebe, chifuwa m'malata,
akavalo awo atavekedwa nsalu ngati akwati.
Anyamata a kabaza anakuwa: Iyambike!
Koma siinayambike.
Mfumu inkangolankhula.
Mwana wake naye kulankhula, malume ake kulankhula,
mpaka mnyamata womasulira uja anatopa nazo,
mawu a mphindi zisanu n'kungowadula:
"Apa akuti mawa kuli ntchito."

Aphunzitsi Khoromana, amene choko anachisiya kalekale,
anamenya ndodo pansi.
"Akudumpha mawu ameneyu!
Izi zinayamba ngati masewero a pa nsanja.
Ife tinazichita ku sekondale, ndevu za thonje,
lupanga la nsungwi, chisoti cha katoni.
Mfumu ndinali ine.
Ndinafa kawiri tsiku limodzi
chifukwa ahedi anafika mochedwa."
Tinaseka tonse. Iwo anangopukuta magalasi.

Ndiye inabuka.
Mivi inadetsa thambo ngati dzombe,
akavalo kulira, kugwa chagada,
dambo lonse kusanduka phala.
Munthu akaterereka, chitsulo chake chomwe
chinkamukanikiza pansi, osadzukanso,
anzake n'kumuponda pothamangira kukafa patsogolo.
A kabaza anaimirira pa mabenchi.
Wina anataya chikho cha thobwa pa msana panga.

Edesi, amene timathyola tiyi mzere umodzi,
anandikodola ndi chigongono:
"Matope awa ndikuwadziwa, ndi a Febuluwale,
dengu lili kumsana, nsapato yatsalira m'mbuyo.
Koma tandiuza,
zovala zimenezi akachape ndani?"

Panali kamnyamata m'kanemamo, kopanda chitsulo,
konyamula thumba la bwana wake ndi chigubu cha madzi.
Kanaoneka katatu. Kachinayi kanali kali chafufumimba.
Apo m'pamene a Zhuwakimu anadzuka,
aja okonza njinga pafupi ndi mlatho wa Muloza,
anadutsa pakati pathu akupepesa mawondo athu
n'kutuluka, ndalama yawo isanathe.

Mfumu inapambana, inapukuta nkhope, inalankhulanso.
Mayina anayamba kukwera pa galasi.
Edesi anayandikira, akuwerenga ndi chala,
ati akufuna aone ngati alembapo
aja anagona m'matope tsiku lonse osanena kanthu.
Jenereta inazima asanawapeze.

Panja tinawapeza a Zhuwakimu atakhala pa thaya,
fodya wazima m'zala.
Aphunzitsi anawafunsa ngati chinawavuta ndi Chingerezi.
"Ayi. Azipanga bwino ndithu.
Anama pamodzi pokha: aikamo nyimbo.
Ine ndinasenzapo thumba la munthu wa mfuti
kuchokera kuseri kwa Milanje, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi.
Kunalibe woimba.
Umangomva mpweya wako, ndi udzu,
ndi amene ali kumbuyo kwako akasiya kuyenda."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, natsekanso.
A kabaza anali atayamba kale kuchita za m'kanema,
akulasana ndi mizimbe pansi pa babu la golosale,
wakufa akudzuka kukangana kuti sanafe.

Ine ndinapita kukagona, belu la esiteti siliona za usiku.
M'mawa nkhungu itaphimba phiri mpaka m'chiuno
tinaima pa mzere, madengu kumsana,
aliyense atavala pepala lake la pulasitiki.
Edesi analigogoda lake pachifuwa ngati chitsulo,
nati, "Tiyeni, asilikali a mfumu,"
ndipo tinalowa m'tiyi wonyowa mpaka m'khwapa.